Mgodi ukutumiza katundu wa mamiliyoni kunja, boma likutola nyenyeswa: ndalama zikudonthera pati?

Kadziwotche_M
Akuluakulu, ndifunse nawo. M'maiko ambiri osauka nkhani imafanana: mgodi watsegulidwa, malole akutuluka usana ndi usiku, malipoti akuti malonda a kunja akwera, koma mukatsegula bajeti ndalama za ku mgodi sizioneka. Ena amati ndi katangale basi. Ena amati boma lizitenga masheya ambiri kapena lingolanda mgodi wonse. Odziwa atiuze bwinobwino: kuchokera pamene mwala wakumbidwa mpaka ndalama kulowa m'thumba la boma, njira yake ndi iti, ndipo imadonthera pati?

MlembiWaMisonkho
A Kadziwotche, tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Pali royalty, pali msonkho wa phindu. Royalty ndi malipiro a mwala weniweniwo, poti mwalawo ndi wa dziko, ndipo amawerengera pa zimene mgodi wagulitsa, phindu likhalepo kapena ayi. Msonkho wa phindu umadikira kaye kampani ichotse zonse zimene yawononga.

Tiyerekeze mgodi wa mkuwa wogulitsa katundu wa madola 500 miliyoni pachaka. Royalty ikakhala 3 peresenti, boma lalandira 15 miliyoni, imeneyo ndiye yotsimikizika. Kukumba, kugaya miyala, magetsi, malipiro ndi mayendedwe zadya 300 miliyoni. Zatsala 185 miliyoni. Koma kampaniyo inawononga 1 biliyoni pomanga mgodi, ndipo malamulo ambiri amailola kuchotsa ndalama imeneyi mofulumira, zimene zatsala n'kumapita nazo chaka chotsatira. Gawani 1 biliyoni ndi 185 miliyoni, mupeza kuti zaka zisanu zoyamba msonkho wa phindu palibe, popanda wina kuba ngakhale dola imodzi. Anthu amaona malole zaka zisanu zimenezo, ndipo mkwiyo wawo umayambira pamenepo.

Nkhwazi77
Ndiye mukutiuza kuti palibe wakuba?

MlembiWaMisonkho
Ayi achimwene, sindinatero. Ndati zaka zisanu zoyamba zili ndi chifukwa chake. Funso ndi lakuti zisanu zija zimasanduka bwanji khumi ndi zisanu. Mabowo ake odziwika ndi atatu.

Loyamba ndi ngongole. Kampani yaikulu sibweretsa 1 biliyoni ija ngati mpamba, imabwereketsa kwa mwana wake amene ali ndi mgodi. Tinene 800 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti. Chaka chilichonse 80 miliyoni imatuluka ngati chiwongoladzanja, imachotsedwa pa phindu, ndipo pa msonkho wa 30 peresenti boma lataya 24 miliyoni. Ndalamayo yangochoka thumba lakumanzere kupita lakumanja kwa munthu yemweyo. Mankhwala ake ndi kuika malire: chiwongoladzanja chochotsedwa chisapitirire 30 peresenti ya zimene mgodi wapeza usanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa makina. Zambia inaika lamulo lotere mu 2019.

Lachiwiri ndi kugulitsa kwa m'bale, amati transfer pricing. Mgodi umagulitsa mkuwa wonse ku kampani ya banja lomwelo imene ili ku Switzerland kapena Dubai pa mtengo wotsika ndi 5 peresenti. Pa 500 miliyoni, ndi 25 miliyoni imene sidzaonekanso m'mabuku a dziko. Izi si nthano: mu 2020 khoti lalikulu la Zambia linagamula kuti kampani ya migodi ya Mopani ilipire msonkho wina chifukwa cha mitengo imene inkagulitsira mkuwa kwa Glencore, imene inali mwini wake. Onani zaka zimene zinadutsa, mlanduwo unali wa malonda a m'zaka za m'ma 2000.

Lachitatu ndi malipiro a "uphungu" ndi "kayendetsedwe" opita ku likulu kunja. Amadutsira m'dziko limene muli nalo pangano lopewa kukhoma msonkho kawiri, ndiye msonkho wodula potuluka umatsika kapena kutheratu. N'chifukwa chake Senegal ndi Zambia anathetsa mapangano awo ndi Mauritius.

Chipande_Lab
Ndiwonjezere bowo limene a misonkho saliona chifukwa silili m'mabuku, lili pa sikelo ndi mu labotale. Migodi yambiri situmiza mkuwa woyenga, imatumiza ufa wakuda wonyowa wotchedwa concentrate, umene mkuwa wake umakhala pakati pa 20 ndi 30 peresenti. Mtengo wa ufawo umadalira manambala atatu: kulemera, chinyezi, ndi kuchuluka kwa chitsulo chimene chilimo.

Tengani matani 100,000. Labotale ikalemba 27 peresenti m'malo mwa 28, matani 1,000 a mkuwa asowa. Pa madola 9,000 tani imodzi, ndi 9 miliyoni. Chinyezi chikalembedwa 10 peresenti pamene chili 8, kulemera kouma kwatsika ndi matani 2,000. Ndipo mu ufa womwewo mumakhala golide ndi siliva pang'ono, zimene ngati palibe wayeza sizilipiridwa royalty.

Kachitidwe koyenera n'kosavuta kufotokoza. Sampulo itengedwe pamene akupakira, osati pamwamba pa mulu pokha, chifukwa pamwamba pamauma ndipo tinthu tolemera timatsikira pansi. Igawidwe patatu ndi kumatidwa: ina ya wogulitsa, ina ya boma, yachitatu isungidwe kuti pakabuka mkangano ikayezedwe ku labotale yosakondera mbali. Sikelo ya malole iziyesedwa ndi miyala yodziwika kulemera, boma lili pomwepo. Dziko lopanda labotale yovomerezeka limangolandira nambala imene lapatsidwa.

Nkhwazi77
Zonsezi zikungosonyeza kuti msonkho ndi wosavuta kuzemba. Tengani masheya ngati Botswana. Debswana, kampani yokumba dayamondi kumeneko, ndi theka boma, theka kampani ya De Beers, ndipo dziko lija linachoka pa umphawi wadzaoneni mu 1966 kufika pamene lili lero. Bwanji enafe tikuopa?

MayiNachuma
A Nkhwazi, Botswana ndi chitsanzo chabwino, koma tinene chonse. Dayamondi ya ku Orapa ndi Jwaneng phindu lake ndi lalikulu kwambiri poyerekeza ndi mtengo wokumbira, moti ngakhale mutagawa bwanji pamatsala zambiri. Mkuwa wa 1 peresenti m'mwala sungakupatseni mpata wotere. Chachiwiri, Seretse Khama, pulezidenti woyamba wa dzikolo, anaonetsetsa kuti miyala yonse ya pansi ikhale ya boma, osati ya mafumu a dera, ngakhale kuti Orapa ili m'dera la mtundu wake womwe. Zimenezi zinatseka khomo la mkangano wa mitundu dayamondi isanayambe kulipira. Chachitatu, sanasayine kamodzi n'kugona. Mu 2011 anakakamiza kuti malonda a De Beers asamuke ku London kubwera ku Gaborone, ndipo mu 2023 anagwirizana kuti gawo la dayamondi limene kampani ya boma imagulitsa yokha lifike 30 peresenti n'kumakwera mpaka 50. Boma lija lilinso ndi 15 peresenti mu De Beers mwenimwenimo, kotero limaona mabuku mbali zonse ziwiri.

Tsopano yang'anani Zambia. Mu 1969 Kaunda analengeza kuti boma litenga 51 peresenti ya migodi. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975. Migodi ya boma, imene mu 1982 inaphatikizidwa kukhala ZCCM, inasenzetsedwa zipatala, sukulu, nyumba ndi ntchito za anthu, ndalama zogulira makina atsopano n'kusowa. Mkuwa unatsika kuchoka pa matani oposa 700,000 pachaka kufika pafupifupi 250,000 mu 2000. Pogulitsa migodiyo boma linalibe mphamvu zokambirana, ndipo linavomera royalty ya 0.6 peresenti. Zaka zochepa pambuyo pake mtengo wa mkuwa unakwera kangapo, dziko lili lomangidwa manja.

Nkhwazi77
Ndiye vuto linali kayendetsedwe, osati umwini.

MayiNachuma
Zoona, koma kayendetsedweko ndiye nkhani yonse. Ndipo masheya ali ndi msampha wina. Mwini masheya amadya pomaliza, ngongole zonse zitabwezedwa. Mongolia inatenga 34 peresenti ya mgodi wa Oyu Tolgoi, koma gawo lake la ndalama zomangira inachita kubwereka kwa kampani imene ili nayo limodzi mgodiwo, chiwongoladzanja n'kumaunjikana, phindu osaoneka. Mpaka mu 2022 pamene anagwirizana kufafaniza ngongole ya madola 2.4 biliyoni. Musanasangalale ndi peresenti, funsani: masheyawa ndi aulere kapena ndi angongole? Angasungunuke kampani ikaonjezera mpamba? Boma lili ndi mpando mu bodi wokhala ndi mphamvu yokana ngongole za pachibale?

Gologolo
Tanzania ya Magufuli sinachite bwino kodi? Anaimitsa makontena padoko basi, kampani n'kugwada.

MlembiWaMisonkho
Anapezapo kanthu, inde. Mu 2017 analetsa kampani ya golide ya Acacia kutumiza concentrate kunja, n'kuitumizira bilu ya msonkho ya madola 190 biliyoni. Mapeto ake Barrick, imene inali mwini wamkulu wa Acacia, inavomera kulipira 300 miliyoni, kupereka 16 peresenti yaulere ku boma ndi kugawana phindu pakati m'kampani yatsopano ya Twiga. Royalty ya golide inakwera kuchoka 4 kufika 6 peresenti. Koma onani kutalikirana kwa 190 biliyoni ndi 300 miliyoni. Nambala yoyambayo palibe labotale ina inaitsimikizira, ndipo makampani ena amene ziphaso zawo zinathetsedwa anakasuma ku makhoti a kunja, boma n'kulipira. Njira imeneyi imagwira kamodzi, simungayendetsere migodi chaka ndi chaka.

MlimiWaKale
Pepani ndipatuke pang'ono. Inu nonse mukukamba za boma ndi kampani, koma amene amavulala mwakachetechete ndi mlimi wokhala kutali ndi mgodi, amene sanauonepo n'komwe. Madola a mgodi akachuluka, ndalama ya dziko imakwera mphamvu. Katundu wa kunja amatsika mtengo, anthu a m'tauni n'kusangalala, koma wogulitsa thonje, khofi kapena koko kunja amalandira zochepa pa ntchito yomweyo. Amati Dutch disease, dzina lochokera ku zimene zinachitikira mafakitale a Netherlands atapeza gasi ku Groningen mu 1959. Nigeria m'zaka za m'ma 1960 inali patsogolo pa malonda a mtedza ndi mafuta a kanjedza. Mafuta a pansi atabwera, zonsezo zinafota. Mgodi wamakono umalemba anthu zikwi zochepa, ulimi umadyetsa mamiliyoni.

Kadziwotche_M
Bambo, nanga zimenezo zingapewedwe bwanji, poti madolawo tikuwafunanso?

MlimiWaKale
Osawalowetsa onse nthawi imodzi. Ena asungidwe kunja, ndipo olowawo apite ku zinthu zotsitsa mtengo wa ulimi ndi mafakitale: misewu ya kumunda, magetsi, ulimi wothirira, njanji. Akathera ku malipiro ndi katundu wa kunja, matenda aja alowa.

Dzombe_22
Ndipo musaiwale okumba ang'onoang'ono. Ku Ghana galamsey, kukumba golide popanda chilolezo, yaononga mitsinje ngati Pra ndi Ankobra, madzi ake ndi matope okhaokha. Asilikali amatumizidwa, makina amaotchedwa, patapita miyezi anthu abwereranso, chifukwa golide amalipira kuposa khasu. Chimene chimathandiza ndi msika wapafupi wogula pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi wa dziko lonse. Mukadula msonkho waukulu pa wokumba wamng'ono, golide amalowa m'thumba la buluku n'kuwoloka malire, poti kilogalamu imodzi imakwana m'dzanja. Tanzania inatsegula misika ya miyala m'zigawo mu 2019 pa chifukwa chomwechi. Za mekyule amene amagwirira golide, chiwiya chotsekera nthunzi pootcha chimapulumutsa mapapo a wootcha ndipo mekyuleyo amagwiritsidwanso ntchito. N'chotsika mtengo, chimangofuna wophunzitsa.

Gologolo
Abale tibwerere ku funso. Nkhani ya okumba ang'ono ikufunika ulusi wakewake.

LoyaWaMigodi
Tibwereredi, chifukwa mabowo onse amene a Mlembi atchula amatsekedwa kapena kutsegulidwa tsiku limodzi, tsiku losayina mgwirizano. Mbali imodzi ya tebulo kumakhala maloya ndi akatswiri a zachuma amene akambiranapo migwirizano makumi. Mbali inayo kumakhala nduna imene chisankho chayandikira ndipo ikufuna chithunzi chodula riboni. Zoyenera kuyang'ana ndi izi.

Ndime yokhazikitsa misonkho. Kampani imapempha kuti misonkho isasinthe kwa zaka zakutizakuti, ndipo pempholo si loipa, poti mabanki sabwereketsa popanda chitsimikizo. Koma ikhale ya zaka zowerengeka zofanana ndi nthawi yobweza ngongole, ikhudze mitengo ya misonkho yotchulidwa maina, ndipo isatseke malamulo a zachilengedwe, a ntchito ndi a umoyo.

Royalty yoyenda ndi mtengo. Mtengo wa pamsika ukakwera, peresenti ikwere yokha, ukatsika itsike. Zikatero simudzafunika kuthyola mgwirizano mitengo ikakwera. Zambia inaika msonkho wa phindu ladzidzidzi mu 2008 n'kuuchotsa mu 2009, ndipo kuchokera pamenepo yasintha misonkho ya migodi kambirimbiri. Kusinthasinthako kumathawitsa ofufuza miyala kuposa msonkho wokwera koma wodziwika. Royalty iwerengedwenso pa mtengo wa pa msika wa zitsulo wa London Metal Exchange, osati pa invoisi ya kampani.

Mpanda pa mgodi uliwonse. Popanda ndime imeneyi, kampani imatenga zimene ikuwononga pa mgodi watsopano n'kuchotsa pa phindu la mgodi wakale, msonkho n'kumangosunthira kutsogolo.

Msonkho pogulitsa chiphaso. Ku Guinea, kampani ya BSGR inapatsidwa mbali ya phiri la chitsulo la Simandou mu 2008, ndipo mu 2010 inagulitsa 51 peresenti kwa kampani ya Vale pa madola 2.5 biliyoni, chitsulo chisanakumbidwe ndi tani imodzi yomwe. Malonda otere amachitikira kunja, pakati pa makampani a papepala, choncho lamulo linene poyera kuti kusintha kwa umwini kulikonse kumene mtengo wake ukuchokera ku mgodi wa m'dziko kukhomedwa msonkho m'dzikomo.

Pomaliza, mgwirizano ufalitsidwe wonse. Safunsa anadya phula. Maiko amene ali mu EITI, ndondomeko ya maiko yoonetsa poyera ndalama za migodi ndi mafuta, akuyenera kufalitsa migwirizano yosayinidwa kuyambira 2021, ndipo palibe chinsinsi cha malonda chimene chili mu peresenti ya royalty.

Nkhwazi77
Apa ndagwirizana nanu a Loya. Koma EITI imangoonetsa zimene zalipiridwa, sionetsa zimene zinayenera kulipiridwa.

LoyaWaMigodi
Mwalasa. N'chifukwa chake lipoti lija likufunika munthu wokhala ndi mgwirizano m'manja ndi manambala a labotale, awerengere yekha n'kufananitsa. Lokha silikwanira.

MayiNachuma
Tinenenso za ndalama zikafika, chifukwa maiko ena anatolera bwino n'kumira ndithu. Choopsa kwambiri ndi kubwereka podalira chuma chimene chikadali pansi. Mozambique itapeza gasi wochuluka ku Cabo Delgado, makampani atatu a boma anabwereka pafupifupi madola 2 biliyoni mu 2013 ndi 2014, gawo lalikulu mobisa, nyumba ya malamulo osadziwa. Zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya dziko n'kugwa. Gasi uja anali asanatuluke, ndipo mu 2021 kampani ya gasiyo, TotalEnergies, inaimitsa ntchito zigawenga zitaukira tauni yapafupi ya Palma. Ghana inayamba kupopa mafuta mu 2010, inakhazikitsa lamulo labwino losamalira ndalama za mafuta mu 2011, koma inabwereka mopitirira mbali ina, ndipo mu 2022 inalephera kubweza ngongole. Thumba losungira silithandiza ngati dzanja lina likubwereka pa chiwongoladzanja choposa chimene thumbalo likupindula.

Chad nayo inalonjeza World Bank kuti isunga gawo la ndalama za mafuta kuti likhale la mibadwo ya kutsogolo. Mafuta atayamba kuyenda, pulezidenti wa nthawiyo, Idriss Déby, anasintha lamulo losungira ndalamazo, ndipo mu 2008 bankiyo inachoka. Lamulo limene aphungu a chipani chimodzi angalisinthe masana amodzi si loko.

Chitsanzo chotheka kutsanzira ndi Chile. Kuyambira 2001 bajeti yawo imawerengedwa pa mtengo wa mkuwa wa nthawi yaitali, umene amauika ndi akatswiri oima paokha, osati nduna. Mtengo wa lero ukaposa pamenepo, zotsalazo zimasungidwa. Anthu anadandaula nazo mitengo ili pamwamba, koma mu 2009 chuma cha dziko lonse chitagwedezeka, ndalama zija ndizo zinawagwira.

Gologolo
Nanga Norway?

MayiNachuma
Norway imasunga pafupifupi zonse kunja n'kumagwiritsa pafupifupi 3 peresenti ya thumbalo pachaka. Koma inali kale ndi misewu, sukulu ndi makhoti olimba mafuta asanapezeke. Dziko limene ana ake akuphunzirira pansi pa mtengo likuyenera kugwiritsa gawo lalikulu pano, bola likhale pa zinthu zokhalitsa.

Dzombe_22
Bwanji osangoletsa kutumiza miyala yosayenga, ngati Indonesia? Ntchito zizikhala m'dziko.

Chipande_Lab
Indonesia inaletseratu kutumiza mwala wa nickel mu 2020 ndipo ng'anjo zinamangidwadi, makamaka ku Morowali. Koma inali ndi zinthu zitatu: nickel wochuluka moti ogula analibe kothawira, malasha opangira magetsi pomwepo, ndi madoko. Kuipa kwake ndi utsi, nkhalango zotha, ndiponso ng'anjo zambiri ndi za makampani a ku China amene anapatsidwa tchuthi cha msonkho. Kuyenga ndi magetsi. Tani imodzi ya aluminiyamu imadya pafupifupi mayuniti 14,000. Dziko limene magetsi ake amathima tsiku ndi tsiku likaletsa kutumiza ng'anjo isanakhalepo, mgodi umangoima kapena mwala umatuluka usiku. Yambani ndi sitepe yapafupi, monga kutsuka ndi kusefa mwala kuti uchoke pa 1 peresenti kufika 25, kenako muzikwera magetsi akamapezeka.

MlimiWaKale
Ndipo mgodi ukatha, dzenje ndi la ndani?

Chipande_Lab
Funso lofunika bambo. Pa mwala wa 1 peresenti, matani 99 mwa 100 aliwonse amatsala, ambiri ngati phala losakanizika ndi mankhwala, losungidwa kuseri kwa damu. Damu lomangidwa pokweza khoma pamwamba pa phala lomwelo ndi lotchipa koma ndi limene limagumuka madzi akachuluka mkati. La ku Brumadinho ku Brazil linali lotere, ndipo linapha anthu 270 mu 2019. Ku Kabwe ku Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha fumbi la m'mabwalo amene amaseweramo.

Ndalama yokonzera malo isakhale lonjezo la papepala. Ikhale mu akaunti yapadera kapena chitsimikizo cha banki yodalirika, iziwonjezeredwa chaka ndi chaka molingana ndi malo amene asokonezedwa, ndipo iziwerengedwanso zaka zitatu kapena zisanu zilizonse ndi katswiri wosalipidwa ndi mgodi. Chenjeraninso ndi kugulitsidwa kwa mgodi wokalamba kwa kampani yaing'ono yopanda chuma, komanso mgodi woikidwa pa "kupuma" kwa zaka zambiri. Lamulo liike malire a zaka zopumira, zikakwana atsegule kapena atseke n'kukonza.

Kadziwotche_M
Zikomo nonse. Funso lomaliza kwa a Mlembi: boma litakhala ndi ndalama zochepa zoti liyambirepo chaka chino, liyambe ndi chiyani?

MlembiWaMisonkho
Gulu laling'ono, anthu khumi kapena khumi ndi asanu, lokhala pamodzi: owerengera misonkho, katswiri wa miyala, katswiri wa zoyenga, loya, ndi wodziwa kupanga chiwerengero cha chuma cha mgodi pa kompyuta. Alipidwe bwino kuti kampani isawatenge chaka chachiwiri. Ntchito yawo yoyamba ikhale kufufuza ndalama zomangira mgodi pamene ukumangidwa, invoisi ndi invoisi, chifukwa 1 biliyoni ija ikalembedwa 1.3 biliyoni ndipo palibe watsutsa, 300 miliyoni yowonjezerayo idzachotsedwa pa phindu, ndipo pa 30 peresenti ndi 90 miliyoni ya msonkho. Malamulo ambiri amapereka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zokha zofufuzira mabuku akale, ndiye mukadikira kuti phindu liyambe kuoneka, nthawi yotsutsira idzakhala itadutsa.

Chipande_Lab
Muonjezerepo sikelo pa geti la mgodi ndi munthu wa boma wotenga sampulo pa shifiti iliyonse, usiku womwe.